Imfa Imene Sitiitchula pa Maliro

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

 

Nkhani ya lero ndi yolemera, ndipo ndikuuzirenitu. Tikambirana za kudzipha. Sitifotokoza mwatsatanetsatane njira zimene anthu amadzichotsera moyo, ndipo sititchula banja lililonse la kuno kwathu. Ngati munataya m'bale wanu mwa imfa yotereyi, dziwani kuti tikulankhula mwaulemu, tikukumbukira misozi yanu. Ngatinso inuyo usiku uno mtima wanu wathodwa, moyo ukukuwawani, chonde musatseke wailesi. Khalani nafe mpaka kumapeto, ndikuuzani kumene mungapeze munthu wokumverani.

Ndiyambe ndi funso. Kodi mukudziwa kuti muno mu Zambia munthu amene wayesa kudzipha n'kupulumuka sanapalamule mlandu uliwonse? Ambiri sadziwa. Alipo makolo amene amabisa mwana kuchipinda, akuopa kupita naye kuchipatala, poganiza kuti apolisi abwera kudzamutenga. Koma Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inachotsa mlandu umenewo mu 1967, dziko litangodzilamulira kumene, tauni yathu ino itangosiya dzina la Broken Hill n'kukhala Kabwe. Lamulo limene linachotsedwalo silinabadwire kuno. Linabwera ndi atsamunda kuchokera ku England. Choncho lero tilondola mapazi ake, tione kumene linachokera, chimene linachitira anthu, ndi amene analigwetsa. Tiyamba ndi Agiriki ndi Aroma, tifike kwa mbusa wina wa muno mu Africa, tikhalitse ku England ndi France, kenako tibwerere kuno ku Kabwe.

Kale kwambiri, Yesu asanabadwe, Agiriki sankagwirizana pa nkhaniyi. Mu mzinda wa Athens, munthu akadzipha ankamudula dzanja n'kulikwirira palokha, kutali ndi thupi. Aristotle ankaphunzitsa kuti wodzipha walakwira mzinda wonse, chifukwa wauchotsera nzika. Aroma olemekezeka ankaona mwina. Cato, mkulu wa ndale amene anagonjetsedwa ndi Julius Caesar, anasankha imfa m'malo mopempha chifundo kwa mdani wake, ndipo Aroma anamutama kwa mibadwo yambiri. Seneca, mphunzitsi wa mfumu Nero, analamulidwa ndi mfumuyo kuti adziphe m'chaka cha 65, anthu n'kumasimba za kulimba mtima kwake. Koma mverani izi. Ulemu umenewu unali wa akuluakulu okha. Msilikali akayesa kudzipha ankalangidwa ngati wothawa nkhondo, ndipo kapolo ankaonedwa ngati wawononga katundu wa mbuye wake. Chimene Aroma ankayang'ana ndi udindo wa munthu. Za ululu wa mumtima mwake panalibe ankafunsa.

Tsopano tibwere kwa munthu amene anatembenuza maganizo a Azungu kwa zaka zoposa 1,000. Iyeyu anali wa ku Africa. Dzina lake Augustine, bishopu wa mzinda wa Hippo, kumene lero ndi dziko la Algeria. M'chaka cha 410 adani analowa mu mzinda wa Rome n'kuufunkha, ndipo akazi ambiri achikhristu anagwiriridwa. Ena mwa iwo anadzipha chifukwa cha manyazi, anthu n'kumawatama kuti ateteza ulemu wawo. Kwawo kwa Augustine kunalinso kagulu ka Akhristu kamene kankafunafuna imfa dala, kuti kawerengedwe pa ofera chikhulupiriro. Augustine anaona kuti kutama kotereku kukutha anthu. M'buku lake lalikulu lonena za Mzinda wa Mulungu anaphunzitsa kuti lamulo loletsa kupha likukhudzanso kudzipha wekha. Kwa akazi ogwiriridwawo anati tchimo ndi la wogwirirayo, iwo sanadetsedwe, palibe chifukwa chakuti afe. Za amene anali atafa kale analankhula mwachifundo.

Ndikufuna muigwire mfundo imeneyi, chifukwa ambiri amaidumpha. Chiletso cha Augustine chinayamba ngati njira yosungira anthu amoyo. Cholinga chake chinali chakuti mkazi wochitiridwa nkhanza akhalebe ndi moyo. Koma chiphunzitso chikachoka m'kamwa mwa mbusa n'kulowa m'manja mwa oweruza ndi mafumu, chimasintha nkhope. Mkati mwa zaka za m'ma 500, msonkhano wa mabishopu ku Braga, m'dziko limene lero ndi Portugal, unagamula kuti wodzipha asaimbiridwe nyimbo za maliro ndipo asatchulidwe pa Misa. Patapita zaka mazana angapo, Thomas Aquinas anamanga chiphunzitsocho pa mizati itatu: kuti kudzipha n'kutsutsana ndi chibadwa cha munthu, n'kulakwira anthu ako, ndiponso n'kulanda udindo wa Mulungu, mwini moyo. Mafumu nawo anaonapo phindu.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za momwe Azungu asinthira maganizo awo pa nkhani ya kudzipha, ndi momwe mbiri imeneyi ikutikhudzira ife kuno ku Kabwe. Tsopano tilowe mu England, kumene lamulo lathu lakale linachokera.

Taganizirani mudzi wa ku England zaka 400 zapitazo. Bambo wina, mlimi wosauka, wapezeka atadzipha. Kukubwera wofufuza za imfa wa boma, n'kusonkhanitsa amuna a m'mudzimo kuti agamule. Akagamula kuti munthuyo anadzipha mutu uli bwinobwino, mtembo wake unkaweruzidwa ngati wa chigawenga. Sunkalowa m'manda a tchalitchi. Usiku ankaunyamula kupita nawo pamphambano ya misewu, n'kuukwirira pamenepo popanda pemphero, nthawi zambiri ataukhomera chikhomo cha mtengo. Zimenezo zikatha, katundu wa womwalirayo ankalandidwa n'kupita kwa mfumu. Ng'ombe, mapoto, zipangizo zolimira, ndalama zimene anthu anamukongola, zonse. Mkazi wamasiye amene dzulo lomweli wataya mwamuna, lero akuonerera anthu akutulutsa katundu m'nyumba, ana ali pambali. Ife a ku Zambia nkhani ya kulanda katundu wa amasiye tikuidziwa bwino, ndipo tikudziwa kuti imaluma bwanji. Kumeneko wolandayo anali boma lenilenilo.

Ku France zinali chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Lamulo la mfumu Louis XIV la mu 1670 linkalola kuti mtembo wa wodzipha uzengedwe mlandu, ukhwekhwerezedwe m'misewu chafufumimba, kenako utayidwe. Kuopa manyazi amenewa kunabala tsoka limodzi limene likukumbukiridwabe. Mu 1761, mu mzinda wa Toulouse, munali wamalonda wa nsalu dzina lake Jean Calas. Usiku wina mwana wake wamwamuna anapezeka atafa m'sitolo yapansi pa nyumba yawo. Poyamba banjalo linanena kuti waphedwa ndi munthu wachilendo. Pambuyo pake linaulula kuti linamupeza atadzipha, ndipo linabisa pofuna kuti thupi la mwana wawo lisachititsidwe manyazi pamsewu. Koma banjali linali la Chipulotesitanti mu mzinda wa Akatolika, ndipo mphekesera inawanda yakuti bambo wapha mwana wake pomuletsa kulowa Chikatolika. Khoti linakhulupirira mphekesera. Mu 1762 Jean Calas anazunzidwa n'kuphedwa pagulu, akukanabe mlanduwo mpaka mpweya womaliza. Wolemba mabuku wotchuka, Voltaire, anaimenyera nkhaniyi kwa zaka zitatu, mpaka mu 1765 boma linavomereza kuti bamboyo anali wosalakwa.

Nkhani ya Calas imandikhudza chifukwa bodza limene banja lija linanena ndi lomwe timanena ife pa maliro. Wolengeza amaimirira n'kuti, "Malemuwa anangodwala kanthawi kochepa." Aliyense pamsasa akudziwa zoona zake, koma palibe akuzitchula. Sindikuweruza banja lililonse limene linachita zimenezi. Limabisa chifukwa likudziwa chimene anthu achite nalo likanena zoona.

Nanga zinasintha bwanji? Mabuku ambiri amathamangira kutchula anthu ophunzira, ndipo n'zoona kuti anachitapo mbali yawo. Cesare Beccaria wa ku Italy analemba mu 1764 kuti chilango chotere n'chopanda nzeru, chifukwa chimagwera mtembo umene sumva kanthu ndi achibale amene sanalakwe. David Hume wa ku Scotland anatsutsa mizati itatu ya Aquinas ija. Ku France, anthu ataukira ulamuliro wa mfumu, malamulo atsopano a mu 1791 sanautchulenso mlanduwu. Koma ku England kusintha kunali kutayamba kale, mwakachetechete, ndipo kunayambira kwa aneba.

Mukukumbukira amuna a m'mudzi aja amene ankaitanidwa kuti agamule? Lamulo linali ndi kakhomo kamodzi. Akanena kuti womwalirayo mutu wake sunali bwino pa nthawiyo, panalibe mlandu, katundu ankatsala kwa mkazi ndi ana, ndipo maliro ankachitika. Amuna amenewa ankamudziwa malemuyo. Ankadziwa ngongole zake, matenda ake, mwana amene anamuika m'manda chaka chatha. Ankadziwanso kuti akagamula mwankhanza, mawa lake amasiyewo adzakhala pakhomo pawo kupempha chakudya. Pang'onopang'ono, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, anayamba kugamula kuti munthuyo sanali bwino m'maganizo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pafupifupi milandu yonse inkatha motero. Lamulo linalipo m'mabuku, koma anthu wamba anakana kuligwiritsa ntchito pa anzawo. Nyumba ya Malamulo inangotsatira m'mbuyo: inaletsa kukwirira pamphambano mu 1823, inaletsa kulanda katundu mu 1870, ndipo mpaka mu 1882 m'pamene inalola kuti wodzipha aikidwe masana, monga wina aliyense.

Ndibwereze, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani yathu. Anthu wamba, aneba, ndiwo anayamba kuona kuti patsogolo pawo pali munthu wovutika, osati wopalamula.

Chifundo chimenechi chinali ndi mtengo wake. Kuti banja lipulumuke, womwalirayo ankayenera kutchedwa wamisala. Madokotala a zaka za m'ma 1800, monga Esquirol wa ku Paris, analimbikitsa ganizo lakuti kudzipha ndi chizindikiro cha matenda a maganizo, ndipo nkhaniyi inachoka kwa wansembe ndi woweruza n'kupita kwa dokotala. Kunali kupita patsogolo, koma dzina la misala nalo limasala munthu. Kuno kwathu mukudziwa momwe dzina la Chainama, chipatala cha ku Lusaka chimene chathandiza anthu ochuluka, limasandukira chitonzo m'kamwa mwa ana ndi akulu omwe. Lamulo lathu lakale la matenda a maganizo, la nthawi ya atsamunda, linkatchula odwala ndi mayina onyoza, mpaka linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano mu 2019. Zoona zake n'zakuti ambiri amene amafika poganiza zodzipha si anthu oyenda m'misewu akutola mapepala. Ndi mphunzitsi, ndi wogulitsa pamsika, ndi wophunzira wa chaka chomaliza, amene akudwala matenda a kukhumudwa kwakukulu, kapena wapanikizika ndi vuto limene sakuona potulukira.

(Nyimbo pang'ono)

Tikupitiriza, omvera. Pali zinthu ziwiri zimene Azungu anaphunzira mochedwa, zimene ndikuona kuti zikutikhudza kwambiri ife a ku Kabwe.

Choyamba chinachokera m'buku la nthano. Mu 1774 mnyamata wa ku Germany, Goethe, analemba nkhani ya Werther, mnyamata amene anakonda mkazi wa mwini n'kudzipha. Bukulo linatchuka mu Europe monse, achinyamata n'kumavala ngati Werther, ndipo kunamveka malipoti akuti ena akutsanzira imfa yake, moti mizinda ina inaliletsa. Patapita zaka 200, ofufuza anatsimikiza kuti mantha aja anali ndi maziko: nkhani ya kudzipha ikalengezedwa mokometsera, ndi tsatanetsatane wa njira yake, anthu ena amene anali kale pamphepete amatsatira. Ku Vienna, mu 1987, manyuzipepala anagwirizana zosiya kulemba motero za imfa zochitika pa njanji za mumzindawo, ndipo imfa zoterozo zinatsika kwambiri. Tsopano taganizirani foni yanu. Mnyamata akadzipha ku komboni, pasanathe ola chithunzi chake chili pa WhatsApp, kalata yake yotsanzika ili pa Facebook, anthu akugawana. Mayi ake mwina sanamve n'komwe. Ndikukupemphani, chithunzi chotere chikafika pa foni yanu, chithere pomwepo. Simukudziwa amene achione usiku, ali yekha.

Chachiwiri chinachokera kwa Émile Durkheim wa ku France, amene mu 1897 anasanthula mabuku a imfa a mayiko osiyanasiyana. Anapeza kuti kudzipha kumachuluka pamene zingwe zomanga munthu kwa anzake zamasuka: amene alibe banja, amene sali m'gulu lililonse, ndiponso pa nthawi imene chuma chagwedezeka mwadzidzidzi, munthu osadziwanso malo ake m'dziko. Makolo athu anazinena kale m'mawu ochepa, kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ife a mu tauni ino sitifunika kuuzidwa tanthauzo la chuma kugwedezeka. Mgodi utatsekedwa mu 1994, ntchito za njanji zitachepa, fakitale ya nsalu ya Mulungushi itaima, amuna amene dzina lawo lonse linali ntchito yawo anatsala pakhomo manja ali lende. Lero kwabwera zina: kaloba amene chiwongoladzanja chake chimakula usiku uliwonse, ngongole za pafoni, kubetcha pa mpira kumene kumadya ndalama ya fizi, mowa wotsika mtengo. Pamwamba pa zonsezi timamuuza mwana wamwamuna kuyambira ali wamng'ono kuti mwamuna salira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ndi amuna, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa chili pamwamba pa zigawo zonse. Choncho asatinamize munthu kuti ili ndi vuto la Azungu.

Tsopano ndikusimbireni za munthu amene ndimamulemekeza kwambiri m'mbiri yonseyi. Mu 1935, mbusa wachinyamata wa mpingo wa Anglican ku England, Chad Varah, anatumidwa kukayendetsa maliro ake oyamba. Anali a kamtsikana kongotha msinkhu kumene. Kataona kusamba koyamba, kanaganiza kuti kadwala matenda ochititsa manyazi. Kanalibe womufunsa, ndipo kanadzipha. Anakaika kunja kwa manda odalitsidwa. Amayi amene mukundimvera, inu anamkungwi, inu alangizi a m'mipingo, mukuona chimene chinasowa pamenepo: munthu mmodzi wamkulu woti akhale nako pansi n'kukauza kuti mwana wanga, usaope, wakula. Mbusa uja sanaiwale. Mu 1953, ali pa tchalitchi china pakati pa London, analengeza nambala ya foni imene aliyense wofuna kudzipha akanatha kuimba. Anthu anayamba kubwera ambiri, ndipo panapezeka odzipereka, anthu wamba, amene ankawapatsa tiyi n'kukhala nawo podikira kuonana ndi abusa. Varah anazindikira chinthu chodabwitsa. Ambiri akacheza ndi odziperekawo ankanyamuka kupita kwawo mtima utapepuka, osafunanso kuonana naye. Chimene ankasowa chinali khutu. Umu ndi momwe linayambira bungwe la Samaritans, ndipo mafoni othandiza anthu ovutika maganizo amene ali m'mayiko ambiri lero anatengera pamenepo.

Nthawi imeneyo n'kuti lamulo la England likadaluma. Mpaka m'zaka za m'ma 1950, munthu wopulumuka ankatha kuchoka pa bedi la chipatala n'kukaima m'khoti, ena kulipitsidwa, ena kutsekeredwa. Madokotala anadandaula kuti anthu akubisa odwala. Mpingo wa Anglican womwe, mu 1959, unatulutsa lipoti lopempha kuti mlanduwu uchotsedwe. Mu 1961 unachotsedwa. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, Zambia inachita chimodzimodzi, n'kusiya mlandu wa munthu amene alimbikitsa kapena kuthandiza mnzake kudzipha. Pa ichi dziko lathu linatsogola. Ghana inachotsa mlanduwu mu 2023, ndipo ku Kenya khoti lalikulu linaugwetsa kumayambiriro kwa 2025. Kwa abale athu ku Malawi ndime yolanga woyesa kudzipha yakhala m'malamulo kuchokera nthawi ya atsamunda, ndipo madokotala ndi mabungwe akhala akupempha kuti ichoke. Mpingo wa Katolika nawo unasintha: malamulo ake a mu 1983 sanaikenso odzipha pa gulu la omanidwa maliro a mpingo, ndipo katekisimu wa mu 1992 amaphunzitsa kuti kuvutika kwakukulu kwa maganizo kumachepetsa kulakwa kwa munthu, kuti tisataye chiyembekezo pa chipulumutso chake, ndi kuti mpingo umawapempherera.

Sindikunena kuti Azungu afika. Anthu akudziphabe kumeneko, ndipo lero ali pa mkangano wina, wa odwala matenda osachiritsika amene amapempha dokotala kuwathandiza kufa, zimene mayiko monga Netherlands, Belgium ndi Canada analola. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tibwerere kwathu. Lamulo linasintha mu 1967, koma kodi ife tinasintha? Tisanamizire atsamunda zonse, chifukwa nafenso tinali ndi miyambo yathu. M'madera ambiri imfa yotereyi imatchedwa yoipa. Mtembo sulowa m'nyumba, maliro amafulumizitsidwa, mtengo umene pachitikira zimenezi umadulidwa n'kutenthedwa, ndipo kwina anthu amaletsedwa kulira mokweza. M'mipingo ina kwaya siimba, abusa amatumiza mkulu wa mpingo kapena osabwera n'komwe. Ndikamafunsa akuluakulu chifukwa chake, amati tikuopa kuti imfayo ingabwererenso m'banjamo. Manthawo sindikuwapeputsa, chifukwa ali ndi choonadi mkati mwake. Ofufuza apeza kuti amene ataya wachibale mwa njira imeneyi amakhala pa chiopsezo chachikulu iwonso. Koma taonani chimene timachita. Banja limene likufunika anthu kuposa banja lina lililonse ndi limene timalithawa. Mayi akudzifunsa usiku wonse kuti ndinalakwa pati, kutacha apita kukatunga madzi, anzake n'kusiya nkhani akamuona. Ngati tikuopadi kuti imfayo ingabwerere, mankhwala ake ndi kugona pamaliropo masiku onse, kubweranso sabata yotsatira, kubweranso mwezi wotsatira, ndi kumutchula malemuyo dzina lake monga timatchulira ena onse.

Kwa abusa ndi akulu a mipingo amene mukumvera, ndikudziwa kuti ena mumaopa kuti mukaimba pa maliro otere mukhala ngati mwavomereza tchimo. Ganizo limenelo ndi lomwe linali ku Braga, ndipo linatenga zaka zoposa 1,000 osaletsa imfa, likungowonjezera misozi ya otsala. M'Baibulo momwemo muli mneneri Eliya, amene atatopa ndi kuthawa anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamudzudzule. Anamudzutsa, anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso. Mulinso woyang'anira ndende wa ku Filipi, amene atasolola lupanga Paulo anamufuulira kuti asadzipweteke, pakuti onse analipo.

Ndisanatsanzike, nazi zimene mungachite. Mukaona mnzanu wasintha, wasiya kudya ndi anthu, akugawa zinthu zake, akunena kuti ndatopa nawo moyo kapena posachedwa mupumula za ine, musati akungofuna kuti timuone. Mupezeni pa awiri, mumufunse mosazungulira kuti, "Kodi ukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli limupatsa maganizo amene analibe. Madokotala anafufuza, ndipo sizitero. Kawirikawiri munthuyo amapuma, poona kuti wina wazindikira. Akayamba kulankhula, musamudule ndi ulaliki, musamuuze kuti ena akuvutika kuposa iwe. Mvetserani. Musamusiye yekha usiku umenewo.

Inu alimi a ku Mulungushi ndi madera ozungulira, mankhwala a m'munda ndi a m'nkhokwe muziwatsekera ndi loko, kiyi asunge munthu mmodzi wamkulu. Maganizo odzipha nthawi zambiri amabwera ngati mvula ya mkuntho, mwamphamvu koma kwa kanthawi, ndipo ngati chinthu choopsa sichili pafupi, munthu amafika m'mawa. Ku Sri Lanka boma litaletsa mankhwala a m'munda oopsa kwambiri, imfa zodzipha zinatsika koposa theka, ndipo ambiri amene amapulumuka atayesa kudzipha safa mwa kudzipha pambuyo pake.

Kenako pitani naye kuchipatala. Pa kiliniki ya kwanuko, kapena pa chipatala chachikulu cha muno mu Kabwe, nenani zoona kwa anamwino, ndipo kumbukirani kuti palibe mlandu. Matenda a kukhumudwa ali ndi chithandizo, cha uphungu ndi cha mankhwala. Ngati mukufuna wolankhula naye pafoni, bungwe la Lifeline Childline Zambia lili ndi manambala aulere. Akuluakulu imbani 933. Ana ndi achinyamata imbani 116. Ndibwereze pang'onopang'ono kuti mulembe: akuluakulu 933, ana 116.

Inu amene ndinakupemphani kuti mukhale nafe mpaka kumapeto, zikomo kuti mwakhala. Usiku uno uzani munthu mmodzi, mlongo wanu, neba, mnzanu wa m'chipinda ku hostelo, kapena imbani nambala ija.

Enanu ndikusiyirani funso loti mukambirane pa chakudya chamadzulo, kapena Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi. Pa mpingo wanu, pa mudzi wanu, maliro a munthu wodzipha amayendetsedwa bwanji, ndipo anayambitsa mwambowo ndani? Mutilembere kapena mutiimbire, tidzawerenga maganizo anu sabata yamawa pa nthawi ngati yomweyi, pamene tidzakambe za momwe tingathandizire ana amene kholo lawo linamwalira mwa njira imeneyi. 

(Nyimbo yotsekera)